Kachitini ka Mchere ka Ababa

Kamaso anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake. Ankati maso ake saphonya kanthu.

Kamaso ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna Ababa abwerere pa tebulo.

M'nyumba mwawo munali tebulo laling'ono. Linali ndi mwendo umodzi waufupi. Pansi pa mwendowo panali kachidutswa ka chikopa. Panalinso mipando itatu. Wa Amayi. Wa Ababa. Wa Kamaso.

Koma mpando wa Ababa unali wopanda munthu.

Nkhani yake inayamba chonchi.

Ababa anali wosoka nsapato. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu. Munkanunkha guluu ndi chikopa. Munali nyundo, singano yaikulu, ndi mulu wa nsapato zong'ambika.

Ababa sankakhulupirira zinthu msanga.

Munthu akati, "Ndibwera mawa," Ababa ankati, "Tiona."

Wailesi ikati, "Kugwa mvula," Ababa ankati, "Tiona."

Ababa anali ndi kachitini kawo ka mchere. Kanali kofiira. Chivindikiro chake chinali ndi timabowo. Mkati munali mchere. Munalinso timpunga pang'ono, kuti mchere usagwirane.

Masana ndi madzulo Ababa ankabwera kudzadya. Ankakhala pa mpando wawo. Ankavula magalasi, chifukwa nthunzi ya chakudya inkawatseka maso. Ankatenga kachitini. Ankagwedeza katatu pamwamba pa mbale.

Tseke! Tseke! Tseke!

Akatero, ankadya.

Tsiku lina Ababa anamva chizungulire. Anagwa pa kampando ka kuntchito. Nyundo inagwera uko. Magalasi anagwera uko.

Amayi anapita nawo kuchipatala. Kamaso anawatsatira.

Anamwino anamanga lamba pa mkono wa Ababa. Lambayo anafufuma. Anamwino anayang'ana manambala. Anapukusa mutu.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri, bambo," anatero. "Muzimwa mankhwala awa. Ndipo mchere muchepetse. Kapang'ono mumphika, basi. Wothira pa mbale ayi. Mukapitiriza, mudzagwanso. Mwina simudzadzuka msanga."

"Tiona," anatero Ababa.

Panjira Ababa anang'ung'udza.

"Kalamba kaja kandidziwira kuti ine? Kangondiona lero lomwe."

 Atafika kunyumba, Amayi anatenga kachitini kofiira. Anakaika pamwamba pa kabati.

Madzulo Amayi anaphika nyemba ndi mpunga. Anathira kamchere pang'ono mumphika. Pang'ono chabe.

Ababa anakhala pa mpando wawo. Anavula magalasi. Dzanja lawo linapita pamene pankakhala kachitini. Linapeza tebulo lokha.

"Kachitini kanga kali kuti?"

"Kapita kukapuma," anatero Amayi. "Munamva nokha mawu a anamwino."

"Nyemba izi n'zosakolera," anatero Ababa. Anakankha mbale. Anaimirira. Anakakhala panja.

Kamaso anayang'ana mbale ya Ababa. Inali yodzaza. Anayang'ana supuni ya Ababa. Inali youma. Ababa sanalawe n'komwe.

Tsiku lotsatira Ababa sanabwere kudzadya masana.

Kamaso ankachokera kusukulu. Anadutsa pa ngodya ya msewu. Pamenepo panali Wachipisi ndi chiwaya chake chachikulu. Mafuta ankalira. Utsi unkakwera.

Ababa anali pomwepo. Anali ndi mbale m'manja.

"Thirani, madala, thirani!" anatero Wachipisi. "Kuno kulibe anamwino!"

Wachipisi ankaseka bwino. Wogulitsa aliyense amaseka bwino. Koma munthu akagwa, amene amamunyamula ndi ena.

Ababa anatenga chitini chachikulu cha mchere cha Wachipisi. Anagwedeza katatu.

Tseke! Tseke! Tseke!

Kamaso anabisala kuseri kwa mtengo wa magetsi. Anaona zonse.

Madzulo Amayi anaika mbale zitatu pa tebulo.

"Ndakhuta," anatero Ababa ali panja.

Amayi anavindikira mbale ya Ababa. Kamaso anadya ndi Amayi.  Supuni zokha zinkamveka.

Tsiku lachiwiri, mpando wa Ababa unali wopanda munthu.

Tsiku lachitatu, mpando wa Ababa unali wopanda munthu.

"Mutu wa bambo ako ndi wouma kuposa nyundo yawo," anatero Amayi.

Kamaso sanaseke. 

Loweruka kunalibe sukulu. Kamaso anapita kuntchito kwa Ababa. Anakhala pa bokosi la misomali.

Ababa ankasoka nsapato yakuda. Ankaima kaye. Ankagwira mutu. Kenako ankasokanso.

"Ababa, mutu ukuwawa?"

"Ayi. Ndi dzuwa ili."

"Ababa, ndinakuonani kwa Wachipisi."

Ababa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Maso akowo adzakupalamulitsa," anatero.

"Mugwanso, Ababa."

"Tiona."

"Ine sindikufuna kuona," anatero Kamaso.

 Ababa anakhoma msomali pa chidendene cha nsapato. Atamaliza, anaimenya ndi nyundo katatu.

Ko! Ko! Ko!

Anatenga nsapato ina. Inali ya nsalu, ya mwana wakhanda. Anaisoka ndi ulusi. Atamaliza, anaimenyanso ndi nyundo katatu.

Ko! Ko! Ko!

"Ababa," anatero Kamaso, "nsapato iyi ilibe msomali. Mukuimenyeranji?"

Ababa anayang'ana nsapato. Anayang'ana nyundo.

"Dzanja linazolowera, mwanangu," anatero. "Likapanda kumenya, mtima sukhala pansi."

 Kamaso anakumbukira supuni youma ija. Anakumbukira dzanja la Ababa likufufuza pa tebulo.

Anadzuka. Anathamangira kunyumba.

Kamaso anakoka mpando. Anakwera. Anatenga kachitini kofiira pamwamba pa kabati.

Anatsegula chivindikiro. Anakhuthulira mchere wonse m'kapu. Anapukuta mkati ndi kansalu. Anathiramo mpunga wosaphika. Mpunga wokhawokha. Anatseka.

Anagwedeza.

Tseke! Tseke! Tseke!

Kachitini kanalira ngati kale. Koma sikanatulutse kanthu. Timabowo tinali tating'ono. Mpunga sunkakwana.

Amayi analowa ndi anyezi m'manja.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

Kamaso anagwedeza kachitini pa chikhato cha Amayi. Chikhato chinakhala choyera.

Amayi anayang'ana chikhato. Anayang'ana Kamaso. Anatembenuka.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Ndikudula anyezi. Maso anga ali misozi yokhayokha."

Tsiku limenelo Amayi anaphika nsomba ndi mbatata. Anathira anyezi wambiri. Anathira tomato. Anasinja adyo. Anafinyira ndimu. Anathiranso kamchere pang'ono mumphika. Pang'ono chabe.

Fungo linatuluka pa khomo. Linafika pamene Ababa anakhala.

Kamaso anapita panja.

"Ababa, kachitini kanu kabwera kopuma kuja."

Ababa anamuyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka pang'onopang'ono. Analowa.

Kachitini kofiira kanali pa tebulo, pa malo ake.

"Mwagonja, mayi a Kamaso?" anafunsa Ababa.

"Idyani chisanazizire," anatero Amayi.

Ababa anakhala pa mpando wawo. Anavula magalasi. Anatenga kachitini. Anagwedeza katatu.

Tseke! Tseke! Tseke!

Anadya supuni imodzi. Anadya yachiwiri. Anadya yachitatu.

"Mwaona?" anatero. "Mchere ndiye chakudya. Anamwino aja akanabwera adzalawe."

Amayi anatsokomola. Kamaso anayang'ana mbale yake.

Ababa anamaliza zonse. Anapemphanso zina.

Lamulungu Ababa anadya pa tebulo.

Lolemba Ababa anadya pa tebulo.

Lachiwiri anadutsa pa ngodya ya msewu.

"Madala, mwatitaya!" anakuwa Wachipisi.

"Kunyumba kwabwerera nzeru," anatero Ababa. Sanaime.

Lachitatu Ababa sanagwire mutu tsiku lonse. Anasoka nsapato zambiri. Anaimba nyimbo ya m'mphuno.

Kamaso anasangalala. Koma mumtima munali kamwala. Ababa akagwedeza kachitini, kamwalako kankalemera. Kamaso sanawanamizepo Ababa chibadwire.

Lachinayi masana Amayi anaphika nyemba. Onse atatu anakhala pa tebulo.

Ababa anavula magalasi. Anatenga kachitini.

Tseke!

Tseke!

Phwa!

Chivindikiro chinagwera m'mbale. Mpunga wonse unatsatira. Unakhala mulu woyera pamwamba pa nyemba.



Ababa anavala magalasi. Anayang'ana mulu wa mpunga. Anasuzumira m'kachitini. Analowetsamo chala. Ananyambita.

Munalibe mchere ngakhale pang'ono.

"Wachita ndani?" anafunsa.

Amayi anatsegula pakamwa. Koma Kamaso anayamba ndiye.

"Ndine, Ababa."

"Kuyambira liti?"

"Loweruka."

Ababa anawerenga pa zala. Loweruka. Lamulungu. Lolemba. Lachiwiri. Lachitatu. Zala za dzanja limodzi zinatha.

"Masiku asanu," anatero. "Masiku asanu ndikuthira mphepo m'chakudya."

"Ndipo mumapempha china," anatero Amayi.

Ababa sanaseke. Anavuula chivindikiro m'nyemba. Anaimirira. Anatuluka panja.

Kamaso anayang'ana mpando wa Ababa. Unalinso wopanda munthu. Misozi inayamba kulengeza.

Kenako panja panamveka kanthu.

Ko! Ko! Ko!

Ababa analowa. M'dzanja lina munali nyundo. M'dzanja lina munali chivindikiro. Anali atachiwongola.

"Ntchito yosalimba," anatero. "Chivindikiro chimafuna kukhwimitsa."

Anakhala pa mpando wawo.

"Bwera kuno, Kamaso."

Kamaso anapita. Anaima pafupi ndi bondo lawo.

"Kunamiza bambo ako n'koipa."

"Pepani, Ababa."

"Usadzachitenso."

"Sindidzachitanso. Ndimangofuna musagwe."

 Ababa anamupukuta misozi ndi chala chonunkha guluu.

"Ine sindikhulupirira wailesi," anatero. "Sindikhulupirira kalamba ka kuchipatala. Koma uyu ndinkamukhulupirira." Anakweza dzanja lawo lamanja. "Kani wabodza wamkulu ndi iyeyu."

Amayi anachotsa mbale ya mpunga wosaphika. Anabweretsa ina ya nyemba zotentha.

Ababa anatenga supuni. Analawa. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Muli ndimu," anatero.

"Muli," anatero Amayi.

"Muli adyo."

"Wakhalamo kuyambira Loweruka."

"Hm," anatero Ababa.

Anakankhira kachitini kwa Kamaso.

"Thiramo mpunga wina. Ulendo uno ndikuona."

Kamaso anathiramo mpunga. Ababa anatseka okha. Anakhwimitsa. Anavula magalasi. Anagwedeza katatu pamwamba pa mbale.

Tseke! Tseke! Tseke!

Sikanatuluke kanthu. Onse ankadziwa.

Amayi anayamba kuseka. Kamaso anaseka. Ababa analimbalimba, kenako nawonso anaseka. Tebulo linagwedera pa mwendo wake waufupi.

"Mawa tikupita kwa anamwino," anatero Amayi. "Akakumangeninso lamba."

"Tiona," anatero Ababa.

Koma mawuwo sanamveke bwino. M'kamwa munali modzaza nyemba.

Kamaso anawerenga mipando. Wa Amayi. Wa Ababa. Wake.

Yonse inali ndi anthu.

Anatenga supuni yake, nadya.