Mawu a Malemu Falesi

Anayamba kumva anali agalu. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene chisanu cha m'midzi ya ku Kasina chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo nkhungu inali itatsika m'phiri kungoti mbuu, munthu osaona ngakhale nkhokwe yake yomwe. Anthu atangotseka zitseko, agalu a m'mudzi monse anayamba kulira mokoka, kenaka onse n'kungoti zii. M'bata limenelo munamveka mawu a munthu wamkazi, ochokera kutali kutsidya kwa dambo, koma aakulu moti palibe chifuwa cha munthu chimene chikanawatulutsa.

"Amayi! Amayi inu! Kodi mwana wanu akulira?"

Jestina anali pamphasa akuyamwitsa mwana wake Yohana, khanda la miyezi yowerengeka.

"Bambo a Yohana, mwamva?" ananong'ona.

"Ndi mphepo imeneyo, gonani," anayankha mwamuna wake, Gerevazio. Koma mwini wakeyo anadzuka n'kukatsamiritsa mtondo kuchitseko.

Kutacha, nkhani inali ponseponse pachitsime. Amayi ena a kutsidya anati kwawo kunabwera galimoto ya kanema, inamanga nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Zimenezo sizinali zachilendo kwenikweni, pakuti ena anali ataonerapo kale azungu okwera akavalo. Koma ulendo uno, ankatero amayiwo akutsitsa mawu, pansalupo panatuluka munthu wa m'mudzi muno. Atamuona Jestina akubwera ndi ndowa yake, onse anagwetsa maso pansi.

"Nenani, ndamva kale kuti mukunena za ine."

"Si za inu ayi, amake Yohana. Ndi achemwali anu. Taona Falesi."

Abale, pali nkhani zina zimene munthu sayenera kumuuza ndowa ili pamutu. Falesi ndiye analera Jestina mayi awo atamwalira. Anakwatiwa ku Linthipe, kumene ankagulitsa kachewere pamsika, koma mwana sanamuonepo, ndipo mwamuna anamubweza kwawo chifukwa cha chomwecho. Anali mkazi wokongola, wa mano oyera, koma wachibwibwi choopsa, moti liwu limodzi ankalimbana nalo mpaka misozi. Anamwalira ndi chifuwa dzinja la dzana, ndipo Jestina ndiye anamutseka maso ndi manja ake.

"Ndiye wanyamula mwana," anapitiriza mayi uja. "Mwana wonenepa, masaya phwii. Ndipo akuyankhula bwinobwino, chibwibwi chija chinatha. Kumene aliko anamuchiritsa, anamupatsanso mwana."

Madzulo a tsikulo mawu aja anamvekanso, tsopano chapafupi, ndipo mawa lake anayandikiranso. Galimoto inkayenda mudzi ndi mudzi, koma Jestina m'mtima mwake ankangoona mkulu wake akuyenda mumdima, kufunafuna khomo lakwawo. Ankachita mantha, inde, koma kunena zoona ankamusowa Falesi kuposa mmene ankamuopera.

Tsiku limene galimoto inafika pabwalo la sukulu, anyamata a chipani anazungulira nyumba ndi nyumba kuti aliyense apite. Masiku amenewo, pamene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ukaitanidwa sunkafunsa chifukwa. Atcheyamani analankhula, anthu anaomba m'manja, injini inayamba kugunda. Anaonetsa misewu yatsopano ndi minda ya chimanga chamakono. Kenaka nsalu inada, n'kuyeranso, ndipo Falesi anatulukira, nkhope yake yaikulu ngati khoma la nyumba.

Anthu anafuula, ena anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Jestina anayang'anitsitsa. Anali iye ndithu, ndi kachipsera kake ka pachibwano. Koma maso a Jestina anakakamira pa chitenje. Falesi anali atafunda chitenje cha nyenyezi, chomwe chija iye anapatsa Jestina atabwerako ku Linthipe, chomwe panthawi imeneyo chinali kumsana kwa Jestinayo ataberekera Yohana.

"Amayi inu! Kodi mwana wanu akulira?" anatero Falesi, maso ake ali pa Jestina. "Ndiye kuti bere lanu silikumukwanira. Ine wangayu ndimamupatsa mkaka wa Nthanda. Taonani kunenepa! Mayi wokonda mwana amasankha Nthanda."

Kanema asanathe n'komwe, atsikana awiri ovala zoyera ngati anamwino anagawira amayi a makanda kachitini kamodzikamodzi ka mkaka waufa ndi botolo, ulere. Jestina analandira ndi manja awiri, atagwada.

"Achemwali abwera kudzandichenjeza," anauza mwamuna wake ali m'njira. "Yohana amaliradi usiku. Mkaka wanga ndi woipa."

"Mwana aliyense amalira," anatero Gerevazio, koma mosalimba. "Komabe atcheyamani analipo. Boma silingalole bodza pansalu."

Kuyambira m'mawa mwake Yohana sanalawenso bere. Ankalifunafuna ndi kamwa, akukanda pachifuwa pa mayi ake, koma Jestina ankatembenuka n'kumupatsira botolo, misozi ili chuchuchu, mabere atatupa ngati miyala. Kachitini kaulere sikanachedwe kutha. Gerevazio anagulitsa kachewere wambewu n'kukagula chitini china ku Linthipe, ndipo poona mmene chinkathera, Jestina anayamba kuthira ufa pang'ono, madzi a pachitsime ambiri. Malangizo anali pachitinipo, m'Chingerezi. Nanga akanawerenga ndani?

Mwana anayamba kutsekula m'mimba. Maso analowa, khungu linachita makwinya ngati la nkhalamba, liwombo linagwa moti ukanathiramo madzi n'kukhala. Galimoto ija inali itapitirira ku midzi ya kumtunda, ndipo madzulo aliwonse mawu a Falesi ankamveka motalikira kuposa dzulo lake. Mawuwo akamachepa, kulira kwa Yohana nakonso kunkachepa. Anthu anaziona zimenezo, pakuti anthu salephera kuona. Amene aja ankati Falesi wadalitsidwa ndiwo anayambanso kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti wakufa sabereka. Mwana amene wanyamulayo ndi wa yani? Simunaone chitenje? Anafa ndi njala ya mwana, wabwera kudzatenga wa mng'ono wake, ndipo akupita naye.

Madzulo ena Yohana analeka kulira. Ankangotsegula kukamwa, mawu osatuluka. Gerevazio anathamanga kukaitana akatekisiti, poti zinaoneka kuti mwana safika m'mawa. Jestina atatsala yekha, anamva mawu aja ali kutali kwambiri, ngati udzudzu m'khutu.

"Amayi inu... mwana wanu..."

Anabereka mwana m'chitenje cha nyenyezi, natuluka osatseka chitseko.

Njira ya kumtunda imadutsa m'nkhalango ya paini, mmene ngakhale masana mumakhala mdima. Nkhungu inkamunyowetsa nkhope, mitengo ikulira pamwamba pake ngati anthu ambiri opumira pamodzi. Anagwa, anadzuka, anaoloka kamtsinje madzi ake oluma ngati singano. Nthawi ndi nthawi ankaima n'kupisa dzanja kumsana kuti amve ngati kachifuwa kaja kakugundabe. Sankapemphera. Ankangobwereza mawu amodzi, "Achemwali, dikirani," ndipo mawu aja ankakula, mpaka anaona kuwala kukuphethira m'nkhungu.

Njirayo inamufikitsa kuseri kwa nsalu, kumene kunalibe anthu. Falesi analipo, wamtali ngati mtengo, koma kuno mwana anali ku dzanja lina. Jestina anagwada m'udzu wonyowa.

"Achemwali, ndapota nanu. Munandilera ndinu, ndinakulakwirani chiyani? Ndachita zonse munanena. Ndisiyireni mwanayu, ndi mmodzi yekha."

Falesi anangomwetulira. Kenaka china chake chinati thapu m'galimoto, nsalu inayera mbee, anthu kutsogolo anadandaula. Mwamuna wina anatukwana pang'ono, anagwiragwira makina, ndipo Falesi anatulukiranso n'kuyamba poyambirira: kumwetulira komweko, kuphethira komweko, funso lomwelo.

"Mayi, chitenje chimenecho munachitenga kuti?"

Jestina anadzidzimuka. Pambali pake panaima mayi wina wamfupi, wopanda mano awiri akutsogolo, khanda lili kumsana, dzanja atagwira kamnyamata ka zaka ngati zinayi. Nayenso anali atafunda chitenje cha nyenyezi, chozilala.

"Anandipatsa achemwali anga. Awo ali apowo. Anamwalira."

"Kalanga ine! Ndinu mng'ono wake wa Falesi?" Mayiyo anagwada naye pafupi, nayang'ana uku ndi uku asanapitirize. "Ine ndine Esitere, tinkagulitsa limodzi kachewere ku Linthipe. Ndazungulira kuno chifukwa kutsogoloko mtima ukundiwawa. Mwana ali pansaluyo ndi wanga. Ndi uyu."

Anakankhira kutsogolo kamnyamata kaja, kamamina m'mphuno, kakutafuna mphonje ya malaya.

"Anabwera pamsika anthu a kampani ndi makina awo, kufuna mwana wonenepa. Anasankha wanga. Koma atandiyang'ana m'kamwa anati ine sindingaoneke bwino, ndiye anamupatsa Falesi kuti anyamule. Malipiro ake zitenje zimenezi, china iye, china ine. Mwanayu chitini sanachilawepo chibadwire, mayi. Kunenepa konseko ndi bere ili."

"Koma mawuwo... akuti mkaka wanga..."

"Mawu a yani? Falesi munamumvapo akutha chiganizo osapunthwa? Anamuyesa dzuwa lonse, zinakanika, anthu akumuseka, n'chifukwa chake sanafune kuti kwawo zimveke. Mapeto ake anamuuza kuti ingomwetulira, uzigwedeza milomo, nena chilichonse, mawu tikaika a wina ku Blantyre. Chikomekome cha mkuyu, mayi. Ndakhala chete poopa kuti akanena ndikunyoza kanema wobwera ndi atcheyamani." Anasuzumira kumsana kwa Jestina, ndipo mawu ake anasintha. "Mayo! Tamutsitsani mwanayo."

Yohana anali wopepuka ngati mtolo wa masamba ouma. Jestina anamuika kubere lake, koma munali mutauma, munangotuluka kadontho. Esitere sanafunse chilolezo. Anakhala pansi, anatulutsa lake, nafinyira madontho pamilomo yosweka ija. Mwana sanagwedezeke. Anafinyanso, akumusisita pakhosi ndi chala.

"Akangomeza, tinyamuke usiku womwe uno kupita kuchipatala cha mishoni," ananong'ona. "Lanulo muzimuyamwitsabe, libwerera. Nanga mukudziwa zimene ankanena Falesi pamenepo? Mwana wanga ankalira, akukana botolo lawolo. Tamuyang'anani pakamwa, musamvere chimkuzamawucho. Inu mukumudziwa kuposa ine."

Jestina anakweza maso. Pamwamba pake chimkuzamawu chinkafuula za mayi wokonda mwana, mosalala ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Koma milomo ya Falesi sinkapita kumeneko. Inkatsekeka, n'kunjenjemera, n'kutsekekanso, chibwano chikukoka, monga inkachitira masiku onse liwu likamukanirira. Jestina anakula akuwerenga milomo imeneyo, kumalizira mkulu wake mawu pamaso pa alendo. Anayamba kuitsatira ndi milomo yake, ndipo mawu anatuluka m'kamwa mwake mwa iye mwini.

"M-m-mpatseni amake. A-akufuna bere."

"Ndi zomwezo," anatero Esitere. "Ankangobwereza zomwezo mpaka anazimitsa makina."

Jestina analira tsopano, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Mausiku onse aja mkulu wake ankamuuza zoona, pamaso pa mudzi wonse, mawu a mlendo atamukwirira pakamwa.

Pansi pa chitenje panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kudontha kwa madzi mumtsuko. Esitere anagwira dzanja la Jestina n'kuliika pakhosi pa mwana. Kakhosiko kanakwera, kanatsika, kanakweranso.

Ananyamuka onse, Esitere patsogolo ndi ana ake, Jestina pambuyo atafungata Yohana pachifuwa. Pokhota njira anacheuka. Kutsogolo kwa nsalu amayi a makanda anali atandanda kale pamzere, ndipo woyamba anali atagwada, akulandira kachitini ndi manja awiri. Pamwamba pawo Falesi ankalimbanabe ndi liwu lake lija, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womuyang'ana pakamwa.