Mzere Woyamba wa Elifala

M'chaka cha 1974, Elifala wa ku Dzoole anali ndi buluku limodzi, khasu limodzi ndi nsanje yodzaza mtima. Ku pulayimale iye ndiye ankatsogola m'kalasi, koma atafika Sitandade 5 bambo ake anasowa fizi, sukulu n'kuthera pomwepo. Gideoni, yemwe ankakopera masamu kwa iye, anali mwana wa mphunzitsi. Anabwereza Sitandade 8 katatu mpaka anasankhidwa, ndipo tsopano anali kalaliki pa esiteti ya fodya pomwe Elifala ankagwira ganyu. Akamadutsa pa njinga yamoto, Elifala ankavula chipewa n'kunena kuti "Wawa, bwana" kwa munthu amene kale kuchotsera kunkamukanika.

Koma chimene chinkamuwawa koposa chinali Iness, mwana wake mmodzi yekhayo. Mtsikanayu anatengera mutu wa bambo ake, ndipo Elifala ankaoneratu mapeto ake: fizi idzasowa, adzakwatiwa ndi tenanti, adzakalambira m'minda ya eni.

Tsiku lina anauza mkazi wake Faines kuti akukaona wodwala, n'kukwera mapiri a ku Ntchisi kwa sing'anga wina, a Petulo. Anapeza munthu wa jekete yochapa bwino, wolankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Sing'angayo sanamufunse dzina, sanamuyang'ane kumaso. Ankangoyang'ana manja ake.

"Manja awa alimira anthu angati?" anafunsa a Petulo.

"Ambiri, bambo."

"Nanga mphamvu zanu zinapita kuti?"

"M'nkhokwe zawo."

"Ndiye mukudziwa kale mmene chuma chimayendera. Ine ndingokufupikitsirani njira." Anatulutsa kansupa kakuda, kotseka ndi phula. "Mukakwirire pakona ya munda wanu. Chaka chilichonse pogalauza, mzere woyamba azilima munthu wina. Munda udzamwa mphamvu zake, inu muzikolola."

"Nanga wolimayo?"

"Mukufunsa ngati simunamve. Mondokwa wa chaka chimenecho sadzamulawa."

"Nanga ndikaulima ndekha?" anafunsa Elifala.

"Thukuta la mwini munda nsupa siimwa. Idzadikira wogwira khasu pambuyo panu. Ndipo mukakwirira mwakwirira, musadzandilirire pakhomo pano."

Potsika mapiri Elifala ankadziuza kuti aganyu amafa chaka ndi chaka, nsupa ilipo kapena palibe. Taonani mmene mtima umadzinamizira ukafuna chinthu.

Chaka choyamba anaitana Filipo, mnzake wa pa ganyu, n'kumulonjeza tambala. Filipo analima mzerewo akuimba, ndipo pochoka anathokoza mowomba m'manja. Pofika Disembala anali ataonda ngati phesi, mu Januwale anamuika m'manda. Munda umene sunkadzaza nkhokwe imodzi unadzaza zitatu. Chaka chachiwiri anali mayi wamasiye wofuna chimanga cha ana ake. Chachitatu anali tenanti wothawa ku esiteti.

Panabwera nyumba ya malata, ng'ombe, ngolo ndi golosale. Gideoni anayamba kuimitsa njinga yake kuti apereke moni, ndipo pamisonkhano ya chipani Elifala ankapatsidwa mpando anzake ali pafumbi. Iness anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Pakhomo panali lamulo limodzi lolimba: Faines ndi Iness asadzagwire khasu. Anthu ankati ndi matama a munthu wolemera dzulo, ndipo iye anawasiya aganize choncho.

Koma amayi a pachitsime sagona tulo pa nkhani za maliro. Anayamba kufunsana chamumtima kuti bwanji aliyense woyamba munda wa Elifala safika nthawi yokolola. Masiku amenewo munthu sankalankhula mokweza za aliyense wokhala pampando, choncho nkhani inkayenda m'manong'onong'o, ndipo palibe analimba mtima kuuza Faines. Elifala naye anayamba kukayikira aliyense. Munthu akaima pafupi ndi kona ya munda, iye ankati akufuna kufukula. Anasiya kudya kwa eni, anasiya kumwa ndi anzake, ngakhale moni wabwino ankaufufuza kuti watanthauzanji.

Chaka chachinayi aganyu anabwera, chifukwa njala inali itavuta, koma anangoima m'mbali mwa munda makasu ali paphewa, aliyense kudikira mnzake.

"Tiyambireni ndinu, bwana," anatero mmodzi, maso ali pansi.

Tsiku limenelo anapezeka mlendo wodutsa amene sankadziwa kanthu. Koma chaka chotsatira, mu Seputembala, sipanabwere ngakhale munthu mmodzi. Minda ya anzake inali itagalauzidwa, wake uli tchire. Elifala anamanga ngolo n'kupita ku Mponela kukafuna alendo. Anapeza amuna awiri, koma pobwerera achinyamata a chipani anawaimitsa panjira kufuna makhadi a chipanicho. Alendowo analibe, ndipo anawatsitsa. Elifala anataya masiku awiri akuchonderera, mapeto ake anabwerera yekha.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Kumunda kunali mizere isanu ndi umodzi yatsopano, dothi lake lofiira lisanaume. Faines ndi Iness, yemwe anali pa holide, anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ali pambali, akuseka.

"Wayamba ndani?" anafunsa Elifala.

"Bambo, mukufunsa ngati tapalamula," anatero Iness. "Anthu akutiseka kuti tili ndi malata koma munda watikanika. Kusukulu timalima, manja sathothoka."

"Ndafunsa kuti mzere woyamba walima ndani."

Faines anamuyang'ana modabwa. "Bambo a Iness, nkhani yake ndi yotani? Ine ndinayambira kumtunda, mwanayu kumunsi, tinakumana pakati."

Elifala anakumba pakona paja mpaka dzenje linamufika m'chiuno, nsupa osaipeza. M'mawa mwake anathamangira ku Ntchisi, n'kugwada pamaso pa a Petulo. Analonjeza ng'ombe zonse, golosale, ngakhale moyo wake.

"Awiri pa mzere umodzi?" anatero a Petulo akusenda nzimbe. "Ndiye mangani nkhokwe zambiri. Chaka chino mukolola kawiri."

Faines anamwalira Khirisimasi isanafike. Mu Januwale aphunzitsi anamubweza Iness kumudzi, yunifolomu ikumukhuthuka m'thupi. Madokotala anayeza magazi, anayeza chifuwa, osapeza kanthu. Elifala ankakhala pambali pa mphasa yake tsiku lonse, akumukakamiza tiyi wamkaka amene sankatsika. Madzulo ena mtsikanayo anamugwira dzanja.

"Bambo, tsiku lija munafunsiranji za mzere woyamba?"

Elifala anamuyandikiziranso kapu ya tiyi kukamwa.

"A Filipo aja ankandibereka kumsana ndili mwana," anatero Iness. Anasiya dzanja la bambo ake n'kutembenukira kukhoma. Sanawayang'anenso, ndipo patapita masiku atatu anatsirizika.

Chimanga cha chaka chimenecho chinabereka ziwiriziwiri, zina zitatu, koma panalibe wokolola, ngakhale wakuba sanachikhudze. Chinaolera m'munda. Elifala mutu unasokonekera. Kwa zaka zambiri anthu opita kumsika ankamupeza akuunga mzere pakati pa msewu, nsanza zili lendelende, akuchonderera dothi kuti limwe thukuta lake.

Umphawi umawawa, ndipo dziko limene limatsekera mwana wanzeru chitseko chifukwa bambo ake alibe dzina lili ndi mlandu wake. Koma Elifala atatopa kudyeredwa, sanadane ndi kudyerako, anangofuna kuti wodya akhale iye. Chuma chofuna moyo wa mnzako sichisankha kuti uyu ndi waganyu, uyu ndi mwana wako. Amene dyera likumukokera kwa sing'anga ayambe wayang'ana anthu amene amadya nawo pakhomo, chifukwa malipiro adzachokera pomwepo.