Mapazi Kumbuyo kwa Ercília

Madzulo a Lachiwiri lija Ercília anafika pakhomo atakwiya kale. Anatsamiritsa njinga pachipupa, natsitsa beseni la usipa, n'kuyamba kudandaula asanakhale n'komwe pansi.

"Mphindi makumi anayi! Makilomita asanu okha, mphindi makumi anayi!"

Mwamuna wake Lázaro ankapukuta galasi la nyali, kukonzekera za kunyanja. Sanadzutse mutu.

"Akuimitsani kangati lero?"

"Kanayi."

Nkhani yake inali iyi. Ku Metangula kunali kudzachitika mpikisano umene achinyamata amautcha tiriyatulo: usambire kaye m'nyanja, utuluke ukwere njinga makilomita makumi awiri, utsike uthamange asanu. Aphunzitsi a Mércia, omwe amaphunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga masana, anabweretsa pepala la maina m'kalasi. Ercília anasaina yekha, ndi dzanja lake, osadinda chala. Kusambira anakudziwa ali wakhanda. Njinga amapalasa tsiku ndi tsiku ndi katundu kumbuyo. Chom'vuta chinali kuthamanga, ndipo lamulo linali louma: wopitirira mphindi makumi atatu pothamanga salembedwa kuti wamaliza. Amangom'patsa madzi n'kum'thokoza. Ercília sanafune kuthokozedwa.

Koma vuto silinali miyendo yokha. Kuno kwathu ku Lunho munthu wamkulu sathamanga chabe. Mayi wa ana atatu akadutsa pamsewu m'mamawa ali wefuwefu, ndiye kuti kwina kwagwa zovuta.

"Mana Ercília! Taimani! Kwagwanji?"

"Palibe!"

"Watisiya ndani?"

"Ndikungothamanga, titiya!"

"Kungothamanga? Nanga akukuthamangitsani ndani?"

Mayi wina pamjigo anayamba kulira asanamve n'komwe dzina la womwalira. A Fakihi atelala anam'londola panjinga kufunsa ngati mwambo uli lero, kuti atseke shopu. Tsiku lina akatekisiti anali atagwira kale chingwe cha belu.

"Kuyambira mawa ndizidzuka tambala asanalire," anatero Ercília madzulo amenewo. "Onse adzakhala ali m'tulo."

"Adzati ndinu mfiti."

"Anene. Mfiti saiimitsa panjira kuifunsa mafunso."

M'mawa mwake anadzuka kukadali bii. Lázaro anali kunyanja, ana ali m'tulo. Anavala nsapato, namanga chitenje chake, kapulana, pamwamba pa kabudula, nayatsa wotchi ya pafoni. Dongosolo la aphunzitsi linali losavuta: kuchokera pamlambe kukafika pamlatho uthamange mwamphamvu, kenako pang'onopang'ono mpaka mpweya ubwerere, kenako mwamphamvunso. Msewu unali zii. Kwa nthawi yoyamba palibe anam'funsa kanthu, ndipo anatsala pang'ono kuseka.

Atangodutsa mlatho anamva mapazi kumbuyo.

Sanali a nsapato. Anali mapazi osavala, phazi limodzi kuponda, linalo kukhwekhwereza. Pha, khwe. Pha, khwe. Ercília anadziuza kuti ndi mbuzi yomasuka pachingwe. Anaonjezera liwiro. Mapazi nawonso anaonjezera. Anachepetsa. Nawonso anachepetsa. Anaima n'kutembenuka ndi tochi ya foni. Msewu, udzu wouma, mitengo ya chinangwa. Palibe munthu.

"Ngati mukufuna kufunsa za maliro, kulibe maliro!" anakalipa mumdimamo.

Anapitiriza kuthamanga. Tsiku limenelo wotchi inati mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi.

Tsiku lachiwiri mapazi aja anam'dikira pomwepo pamlatho. Apa ndi pamene anazindikira chinthu china. Iye ankapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, koma wakumbuyoyo sankamveka kupuma. Mapazi okha. Ndipo panali fungo la phulusa lonyowa ndi mvula, pamene mvula inali isanagwe miyezi isanu.

Tsiku lachitatu kunamveka mawu. Mawu a mwamuna, otsika, aulemu.

"Mayi."

Ercília anakukuta mano.

"Mayi, ndatopa."

"Mwatopa khalani pansi! Ndakuitanani ine?"

"Landirani, mayi. Mukulowera komweko."

Mawu amenewo ankawadziwa. Kale, mafoni asanabwere, uthenga wa maliro unkayenda ndi miyendo. Wonyamula uthenga akatopa panjira, ankaupatsira munthu woyamba amene wam'peza akulowera kumene ukupita. Ankati, "Landirani." Winayo ankayankha, "Ndalandira." Ndipo uthenga wotere palibe ankaukana.

Ercília anaukana. Anatseka makutu ndi zikhato, nathamanga zigongono zili m'mwamba mpaka kwawo. Wotchi inati makumi atatu ndi zitatu.

Sanauze munthu. Auze ndani? Lázaro akanangobisa nsapato. Anasintha njira, natsikira kumchenga wa m'mbali mwa nyanja, poganiza kuti pamchenga phazi silimveka. Zoonadi sanamve kanthu. Koma pobwerera, kutayamba kuyera, anaona mapazi ake a nsapato ali ndondondo pamchenga, ndipo m'kati mwa phazi lililonse munali phazi lina losavala, zala zotambasuka. Lamanzere linkasiya mzere wokokedwa.

Sabata imeneyo sanagone bwino. Anapsereza usipa kawiri. M'kalasi analemba mzere umodzi katatu osazindikira. Anabwereranso kumsewu, ndipo m'bandakucha uliwonse, akangodutsa mlatho: "Mayi. Landirani, mayi." Osakalipa, osaopseza, kungopempha ngati munthu woima pakhomo ndi chipewa m'manja. Chimenecho ndicho chinkam'psetsa mtima koposa.

Kutatsala masiku khumi ndi awiri, anaima pakati pa msewu. Sanatembenuke. Anaimitsa wotchi, nagwira m'chiuno.

"Chabwino! Nenani! Koma mukanena mundisiye, mwamva? Ine ndili ndi mpikisano."

Mapazi anayandikira. Pha, khwe. Anaima pafupi kwambiri, kumbuyo kwake kwenikweni.

"Landirani."

"Ndalandira. Fulumirani."

"Kauzeni Yuniya wa kwa a Silasi kuti Eusébio anagona panjira ya ku Maniamba. Pamtsinje wachiwiri, pansi pa mkuyu. Chimanga sichinafike. Asamadikirenso."

"Basi?"

Mapazi aja sanamvekenso. Fungo la phulusa lija linachoka pang'onopang'ono, kunatsala fungo la fumbi wamba.

Ercília ankawadziwa a Yuniya. Gogo wamtali wa kumapeto kwa mudzi, wokhala kutsogolo m'tchalitchi. Ercília anafika kwawo kutangocha, nawapeza akusesa pabwalo. Anagwada pambali, thukuta lili chuchuchu.

"Odi, amayi. Ndatumidwa."

A Yuniya anam'yang'ana nsapato, nam'yang'ana nkhope. Anatsamiritsa tsache pamtengo, nakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Nena, mwanawe."

Ercília ananena mawu aja monga anawalandirira, osaonjeza, osachotsa. Gogoyo sanagwedezeke.

"Wam'ona?"

"Ayi. Ndangomva mapazi."

"Amayenda bwanji?"

"Amakoka mwendo wamanzere."

"Mbedza inam'lowa pachidendene ali mnyamata," anatero a Yuniya, ngati akunena za dzulo. "Ndi mlongo wanga. Nthawi ya nkhondo anakwera kumtunda kukafuna chimanga. Ife tinathawira ku Likoma pabwato usiku womwewo. Ena anati ali ku Tanzania, anakwatira. Ine sitima ikaima ku Cóbuè ndinkatuma anthu kukaona otsika." Anapukuta manja pakapulana. "Zaka pafupifupi makumi anayi. Ndipo wachita kutuma mwana wa eni."

Kenako analira. Kulira kwenikweni kwa maliro, kumene kumadzutsa mudzi wonse.

Amuna anayi anakwera kumtunda ndi makasu. Zimene anapeza pansi pa mkuyu sananene, koma anabwera ndi kamtolo kokulunga m'mphasa, ndipo abusa anapemphera. Ercília, monga wobweretsa uthenga, anam'khazika pafupi ndi namfedwa masiku awiri athunthu. Ankaimba nawo nyimbo, koma mumtima akuwerenga masiku amene akutayika. Azimayi ankam'ba ndi maso. Palibe anam'funsa kuti uthengawo anaumva kwa ndani.

"Zatha tsopano," anauza Lázaro, yemwe anali atamva zonse kumaliro. "Wapeza kwawo. Mawa ndithamanga ndekha."

"Ercília, bwanji mungosiya?"

"Ndisiye? Nditavutika chonchi? Bweretsani nsapatozo, ndaona pamene mwaziika."

M'bandakucha wotsatira anafika pamlatho mtima uli m'malo. Anadutsa. Zii. Anathamanga mpaka pamunda wa chinangwa, ndipo anayamba kumva kukoma kwa mpweya wozizira m'chifuwa.

Kenako, pha.

Pha pha. Pha pha pha pha.

Sanali awiri, sanali asanu. Ankachokera m'udzu, m'tinjira ta kumtunda, ena kuchokera kunyanja, onyowa, akuti tchapu tchapu. Ena olemera ngati a bambo wonyamula katundu. Ena ang'onoang'ono, ofulumira, a mwana woyesetsa kuti asatsalire. Msewu wonse kumbuyo kwake unadzaza, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wopuma.

"Mayi."

"Titiya."

"Mana, landirani."

Ena ankayankhula Chiyao. Wina ankangotchula dzina la mudzi, mobwerezabwereza.

Mantha anam'gwira, inde. Koma mkwiyo unafika msanga kuposa mantha.

"Ayi! Ayi ayi ayi! Mwauzana eti? Mwandiona ngati shapa ya ku Lichinga, minibasi yoima paliponse?" Ankakalipa akuthamanga, mawu akuduka ndi mpweya. "Ndili ndi ana, ndili ndi usipa, ndili ndi mpikisano Lamulungu lino! Tamverani! Wondipeza n'kundigwira phewa, ameneyo ndim'mvera. Enanu dikirani!"

Ndiye anathamanga. Anaiwala za mwamphamvu ndi pang'onopang'ono. Anadutsa mjigo, anadutsa shopu ya a Fakihi, anakhotera patchalitchi osachepetsa, mapazi aja ali pambuyo ngati mvula yobwera pamalata. Atagwira chitseko cha nyumba yake, zonse zinati zii. Anayang'ana foni. Mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

"Mwaona?" anauza mdimawo, nagwa pakhonde.

Masiku otsalawo anathamanga chomwecho, ndipo palibe anam'gwira.

Zotsalazi tinaziona ndi maso ambirife, chifukwa tinapita ku Metangula palole kukaonerera. Linali dzuwa la m'mawa, anthu ali bii m'mbali mwa msewu, zokuzira mawu zikulira. Ercília anatuluka m'madzi ali wachiwiri mwa akazi. Panjinga palibe anam'dutsa. Koma atatsika kuti ayambe kuthamanga, miyendo inali itauma ngati zitsa. Kwawo ankathamanga atangodzuka kumene; apa anali atasambira kale, atapalasa kale. Anayamba mokhwekhwereza, ndipo tinam'ona akucheuka. Kumbuyo kwake kunalibe munthu, kupatula mtsikana wina wa ku Nkholongue patali ndithu.

Anacheukanso. Anakunga nkhope. Liwiro linayamba kubwerera.

Pa kilomita yomaliza, pamene msewu umakwera pang'ono, a Fakihi amalumbira kuti anaona malaya ake akukwinyika paphewa lamanja, ngati pagwidwa ndi dzanja. Ena amati inali mphepo. Chimene tonse tinaona n'chakuti anagwedeza phewalo kawiri, ngati akuingitsa ntchentche, kenako anapendeketsa mutu kumbali imeneyo. Milomo yake inanena mawu amodzi. Sanachepetse liwiro.

Anadutsa pamzere nthawi isanathe. Wolemba anakuwa nambala yake, tonse tinakuwa, aphunzitsi a Mércia anatambasula mendulo ndi manja awiri. Lázaro anali pomwepo ndi botolo la madzi.

Ercília anadutsa pakati pawo osawayang'ana. Anapyola pamsika, nakhotera msewu wokwera kumtunda, nambala ikadali pachifuwa. Tinamva mawu ake akuchepera patali, akukalipira munthu amene sitinkamuona:

"Ndamva! Nyumba yachitatu kuchokera pachigayo, ndamva kale! Musandikankhe!"