Chigoba cha Ulusi Wofiira

Panyumba ya kalipentala ndi mkazi wake telala, ntchito inkamveka kuyambira m'mawa. Kuseri kunkalira sowo ndi hamala, pakhonde pankalira makina osokera. Banjali linali ndi ana awiri, onse aakazi. Wamkulu, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, aliyense ankangomuitana Chisamba poti ndiye anali woyamba kubadwa. Wamng'ono, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali Mzime.

Mzime ankadwala mphumu. Fumbi likachuluka kapena akathamanga kwambiri, chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo ankafunika kumupopera mankhwala m'kamwa ndi kampope kabuluu. N'chifukwa chake shopu ya bambo ake, yodzaza utuchi, inali malo oletsedwa kwa iye. Amene ankadziwa kumugwira bwino zikatere anali Chisamba. Ankamukhazika pamiyendo, kumusisita pamsana, n'kumapuma naye limodzi pang'onopang'ono mpaka chifuwa chitatseguka.

"Uyu ndi namwino wobadwa," amayi ankauza makasitomala awo akuwayeza ndi tepi. "Tikachoka, nyumba timamusiyira iyeyu, mtima uli m'malo."

Lachitatu ndi Lachisanu masana Chisamba ankapita kokonzekera kwaya kutchalitchi, ndipo sankajomba.

Chaka chimenecho m'kalasi mwawo munabwera mtsikana watsopano. Anzake anamupatsa dzina loti Shuga chifukwa pakamwa pake pankatuluka zotsekemera zokhazokha. Anali ndi foni yaikulu yodzaza mafilimu, ndipo mkulu wake anali ndi saluni pafupi ndi msika.

"Iwe mwana wa kwaya, unayamba waonerapo filimu yeniyeni?" Shuga anafunsa Lachitatu lina akuweruka.

"Kwathu timaonera."

"Za ana zija? Ndikunena filimu yoti mtima ufike pakhosi. Tiye kusaluni, kachipinda ka kumbuyo kamakhala kopanda munthu."

"Ndili ndi kwaya."

"Nyimbo zako sizithawa. Kapena ukuopa?"

Mawu akuti kuopa ndi amene anamukola. Anapita.

Kachipindako kanali kopanda zenera, konunkha mankhwala a tsitsi. Anakhala pa thumba la matawulo, Shuga n'kuyedzamiritsa foni pa botolo. Filimuyo inali ya achinyamata asanu ndi awiri amene anatsala pasukulu yogonera nthawi ya tchuthi. Ankaseka, kupusitsana, kuba zakudya za m'khitchini. Kenako kunatulukira munthu wovala chigoba cha nsalu yakuda, pakamwa pake posokedwa ndi ulusi wofiira. Asanaphe munthu ankayamba wakanda khoma ndi mpeni katatu: kwee, kwee, kwee.

Mnyamata woyamba ataphedwa, Chisamba anagwira pakamwa. Wachiwiri ataphedwa, anayang'ana kumbali. Itafika pa mtsikana amene anabisala m'kabati akupemphera chamumtima, mpeni ukukanda chitseko, Chisamba anadzambatuka. Anathamangira panja n'kukasanza m'ngalande.

Shuga anaseka mpaka misozi. "Ndi utoto chabe uja, iwe! Bwera uone amene ali m'chigobamo."

"Sindibweranso kuno," Chisamba anatero akupukuta pakamwa.

Pobwerera kunyumba ankangocheuka. Atamva bambo ake akupala thabwa kuseri, anadzidzimuka mpaka kugwetsa chikwama. Chakudya sichinalowe. Thupi lake lonse linali litamuuza zoona, kuti zimene anaonazo si zoti munthu azidyetsa maso ake.

Koma funso limodzi linamukakamira ngati chisoso pa diresi: kodi m'chigoba muja munali ndani? Lachisanu anadutsa pageti la tchalitchi osakhota, n'kulunjika kusaluni kuja.

Tsiku limenelo anaonera kudzera m'mipata ya zala. Sabata yotsatira manja anali pamiyendo. Pofika kumapeto kwa mwezi, iyeyo ndi amene ankauza Shuga kuti, "Bwezera pamene akumubaya paja, ndione bwino." Anaonera mafilimu ena ambiri amtundu womwewo, koma wa ulusi wofiira uja ndi amene ankamukonda. Anasiya kumvera chisoni othawa aja. Ankawatcha zitsiru. Maso ake tsopano ankatsata wa chigobayo, mmene ankayendera mosafulumira, mmene onse ankanjenjemerera pamaso pake.

Tsiku lina kamwana ka oyandikana nawo kanagwa pa njinga kutsogolo kwa khonde, n'kung'ambika pachipumi. Magazi anayenderera mpaka m'maso. Amayi anasiya makina n'kuthamanga ndi kansalu. Chisamba anaima pakhomo, n'kuseka.

Amayi anamucheukira. "Chakuseketsa n'chiyani pamenepa?"

"Palibe, amayi. Ndi mmene anagwera."

"Kale ukanakhala woyamba kumunyamula. Mwana wanga, walowedwa chiyani?"

Mawa lake mphunzitsi wa kwaya anabwera kudzatenga malaya ake, n'kufunsa ngati Chisamba akudwala, poti patha mwezi osamuona. Bambo atamva zimenezi anamuitanira Chisamba kushopu. Sanakalipe. Anatenga thabwa lina pakona n'kumupatsa.

"Likuoneka bwanji?"

"Labwinobwino, ababa."

Bambo analidinikiza ndi chala chachikulu. Chala chinalowa, m'katimo munatuluka dothi ndi chiswe.

"Chinalowera pa kabowo koti sungakaone n'komwe. Ndiuze kumene umapita masana."

"Timakawerenga kwa mnzanga. Mayeso ayandikira."

"Ngati ukunama, ukudzinamiza wekha. Chilichonse chimene munthu amachiyang'ana tsiku ndi tsiku chimamanga nyumba mwa iye. Mnzakoyo ndikufuna ndimuone."

"Chabwino, ababa," anatero Chisamba, nkhope ili gwa. Anadabwa yekha kuti bodza latuluka mosavuta chonchi.

Maganizo a chigoba anabwera ndi Shuga. "Amayi ako ndi telala, nsalu zili mbwee. Tisoke chathu. Iwe uzivala, ine ndizijambula. Anthu akaona pa foni adzafa ndi kuseka."

Chisamba anadula chidutswa pa nsalu yakuda ya kasitomala, n'kutenganso ulusi wofiira m'kabokosi ka amayi ake. Amayi atapeza nsalu yaperewera anadziimba mlandu okha kuti anayeza molakwa, ndipo anapepesa kwa mwini wake mwana wawo ali pomwepo, ali chete.

Anayamba ndi ana a sukulu ya pulayimale pa kanjira ka kuseri kwa msika. Chisamba anatulukira pa ngodya atavala chigoba, ana n'kubalalika akukuwa, wina kutaya nsapato. M'kati mwa nsalu yakuda ija, akumva mpweya wake womwe ukutentha, Chisamba anamva kukoma kumene sanakumvepo. Anthu ankamuthawa iyeyo.

Koma Shuga ataonera kanemayo anakwinya nkhope. "Akungothawa basi, nkhope sizikuoneka. Tikufuna munthu woti atsekeredwe m'nyumba, mantha ake tiwaone pafupi. Kamng'ono kako kaja bwanji?"

"Ayi, ameneyo amadwala."

"Mphindi imodzi yokha. Ukavula chigoba aseka yekha. Kapena mtima wa kwaya uja wabwereranso?"

Loweruka makolo ananyamuka m'mawa kukapereka diresi laukwati ndi mipando kutsidya la tauni.

"Kampope kali pa kabati," amayi anatero akukwera galimoto ya katundu. "Mng'ono wakoyo usamusiye yekha."

Dzuwa lili pamutu, Chisamba anatuma Mzime kugolosale kukagula sopo. Mwana atangotuluka, Shuga analowa. Anatseka makatani onse, nyumba n'kuda ngati kukubwera mvula. Shuga anabisala kuseri kwa mpando, foni ili m'manja. Chisamba anavala chigoba ndi jekete lalitali la bambo ake, n'kutenga sizasi yaikulu ya amayi ake.

Chitseko chinatseguka. "Asisi? Sopo uja ndabwera naye."

Zii.

"Asisi, mwatsekeranji makatani?"

Chisamba anakankha chitseko chakumaso ndi phazi, n'kutseka. Kenako anakanda khoma ndi sizasi. Kwee. Kwee. Kwee.

Mzime anatembenuka. Sopo anagwa pansi. Sanakuwe nthawi yomweyo. Pakamwa panatseguka koma mawu sanatuluke, ndipo pa miyendo yake panayenderera mkodzo. Chisamba anaona zonsezi, ndipo akanatha kulekera pomwepo. M'malo mwake anayenda mosafulumira monga ankachitira wa mufilimu uja, sizasi ili m'mwamba, kuseka kukutuluka m'chigobamo.

"Asisi! Asisi, ndithandizeni!" mwanayo anakuwa, akuitana munthu yemweyo amene ankamuthawa.

Anathamangira kukhitchini, kutulukira khomo lakuseri. Malo okhawo okhala ndi chitseko cholimba anali shopu ya bambo ake. Analowa, n'kukoka mpiringidzo wachitsulo m'kati. Pothawira pansi pa tebulo anagwetsa thumba la utuchi.

Chisamba anafika pachitseko akusekabe. Kenako anamva kaphokoso kamene ankakadziwa bwino kuposa wina aliyense: chifuwa cha Mzime chikulira.

Anavula chigoba n'kuchitaya. "Mzime, ndine! Ndimangosewera. Tsegula!"

M'katimo munangomveka kutsokomola.

"Ndine asisi ako! Tsegula ndikupopere mankhwala!"

"Si... inu," kamawu kanatuluka movutikira. "Asisi... sangatero."

Chisamba anathamangira kukatenga kampope, n'kubwerera. Anamenya chitseko ndi mapewa, koma chitsekocho anachipanga ndi bambo ake, ndipo bambo ake sankapanga zinthu zofooka. Zenera linali ndi zitsulo. Atasuzumira anaona timiyendo pansi pa tebulo, fumbi la utuchi likuuluka m'kuwala kwa dzuwa.

"Shuga, ndithandize!"

Shuga anali chiimire pakhomo la khitchini, foni ikujambulabe. Atamva kuti kulira kwa chifuwa kukuchepa, anaitsitsa. "Ine sindinakuuze kuti umuthamangitse," anatero, n'kutuluka pageti liwiro.

Kukuwa kwa Chisamba kunafika kwa makaniko wa kutsidya kwa msewu. Anabwera ndi chitsulo chochotsera matayala, n'kukanula chitseko mpaka mpiringidzo unazuka. Anamupeza Mzime ali lefu, milomo itada, maso atatembenuka. Chisamba anayesa kumupopera, koma mwanayo analibe mphamvu yokokera mpweya.

"Chachitika n'chiyani kuno?" makaniko anafunsa akuthamanga naye kugalimoto yake. Kenako anaona chigoba ndi sizasi pansi, anayang'ana jekete limene Chisamba anavala, ndipo sanafunsenso.

Kuchipatala anamulowetsa Mzime m'chipinda cha odwala mwakayakaya, n'kumuika pa makina othandiza kupuma. Makolo anafika thukuta lili kamukamu. Dokotala anawauza mosabisa kuti akanachedwa mphindi zisanu zokha, bwenzi akukamba za maliro.

"Analowamo bwanji m'shopu?" amayi anafunsa akulira. "Amadziwa kuti saloledwa."

Chisamba anatsegula pakamwa. Bodza linali lokonzeka kale pa lilime. Koma kudzera pagalasi anaona kachifuwa ka mng'ono wake kakukwera ndi kutsika mokankhidwa ndi makina, ndipo anagwada pansi pakhonde la chipatalapo, anthu akuona.

"Ndine, amayi. Ndine ndachita."

Anaulula zonse: saluni, mafilimu, kwaya, nsalu ya kasitomala. Amayi anangokhala pansi.

Shuga anali atatumiza kale kanema uja kwa mnzake mmodzi, mnzakeyo kwa ena. Pofika Lolemba anali paliponse, ndipo mmisiri wina anawaonetsa bambo pa foni yake. Anaonera mpaka kumapeto, n'kubweza foniyo.

"Chigobacho sichinandiopse," anauza Chisamba atafika kunyumba. "Chandiopsa ndi kuseka kuja. Ndinakumva bwinobwino. Kunali kwako."

Mzime anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi anayi. Atafika pageti n'kuona mkulu wake pakhonde, anakakamira diresi la amayi ake, chifuwa n'kuyambanso kulira. Makolo anayesa masiku atatu, koma sizinatheke. Mwanayo sankadya Chisamba akakhala m'chipindamo, ndipo akamva sizasi ankabisala. Pamapeto pake azakhali awo, mlongo wa bambo, anabwera kudzamutenga Mzime kuti akakhale nawo.

Nyumba inazizira. Kusukulu ana ankakanda madesiki katatu Chisamba akamadutsa. Shuga anasamukira kusukulu ina osatsanzika. Chisamba anapita yekha kwa mwini nsalu uja kukapepesa, anapitanso kwa abusa, ndipo anabwerera ku kwaya ngakhale kuti kwa milungu yambiri mawu sankatuluka.

Patatha miyezi isanu azakhali analola kuti Chisamba akamuone Mzime. Chisamba anagogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono, diso limodzi n'kusuzumira.

"Ndine, Mzime."

"Onetsani manja."

Chisamba anatambasula manja onse awiri, opanda kanthu, misozi ikugwera pa bulauzi. Mwanayo anawayang'anitsitsa.

"Mukhale pampando wa uko. Chitseko chikhale chotsegula."

Anakhala motero ola lathunthu, wina kuno wina uko, azakhali ali pakati. Chisamba anathokoza Mulungu chifukwa cha ola limenelo, podziwa kuti panatsala pang'ono kuti azikacheza ndi mng'ono wakeyo kumanda.

Achinyamata, samalani ndi zimene mukudyetsa maso anu. Tsiku loyamba choipa chimakusanzitsa, ndipo kumeneko ndi kukuwa kwa chikumbumtima chamoyo. Ukachikakamiza kukhala chete, chimakhaladi chete, ndipo tsiku limene udzayambe kuseka magazi a munthu, dziwa kuti wovulala wotsatira ali m'nyumba mwako momwe.