Dzino la Chiko

Uyu ndi Zakeyo. Amakhala ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Ali mu giredi 2. Ndi wamfupi, koma mphamvu ndiye musanene.

Zakeyo ankakonda sukulu. Ankakondanso kugwetsana. Ankafuna kugwetsana tsiku lililonse.

Pafupi ndi mpanda wa sukulu panali mulu wa mchenga. Belu la buleki likangolira, Zakeyo ankathamangira kumeneko. Mnzake Chiko ankabwera pambuyo, ali wefuwefu.

Zakeyo ankagwetsa Chiko. Phi! Chiko ankaseka.

Chiko ankagwetsa Zakeyo. Phi! Zakeyo ankaseka.

Mchenga m'tsitsi. Mchenga m'makutu. Mchenga m'masokosi. Amayi awo, ochapa yunifomu, ndiwo sankaseka.

Tsono Chiko anali ndi dzino logwedera. Linkagwedera akamadya. Linkagwedera akamayankhula. Koma kuzuka ayi. Dzino lamakani ndithu!

Tsiku lina kumchenga kunabwera Melody. Melody anali monita wa kalasi. Anali ndi kabuku kolembamo mayina a ana andewu.

"Zakeyo, na ine nifuna kusewela," anatero Melody.

"Iyayi," anayankha Zakeyo. "Bakazi sibagwetsana."

"Anakamba ndani?" anafunsa Melody.

Zakeyo anakanda mutu. Sankadziwa amene ananena.

"Ni so chabe," anatero. "Choka, tisewele."

Melody anakhumudwa. Anakhala pa njerwa n'kumaonerera.

Zakeyo anagwira Chiko. Chiko anagwira Zakeyo. Anakankhana, anakokana. Kenako onse awiri, phi!

Chibwano cha Chiko chinagunda phewa la Zakeyo. Dzino lija linazuka. Magazi anadonthera pa shati ya Zakeyo.

"Yachoka!" anafuula Chiko. Anatola dzino lake. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka, mpaka kuseri kwa kalasi.

Nthawi yomweyo anatulukira Madamu Sakala, aphunzitsi awo. Anaona mwana akuthamanga atagwira pakamwa. Anaona magazi pa shati ya Zakeyo.

"Zakeyo! Wamumenya munzako?"

"Iyayi, ba Madamu. Ise tenze..."

"Chete!" anatero Madamu. "Imwe banyamata, masiku yonse ni ndeu chabe. Tenga chola chako, uyende ku nyumba. Usabwele mpaka ubwele na batate bako. Na masewela aya yasila lelo."

Mtima wa Zakeyo unawawa. Sanamenye munthu. Koma palibe anafuna kumumva. Tsopano sukulu ayi. Mchenga ayi. Nanga atate akawauza chiyani?

Zakeyo anakatenga chola. Misozi inalengeza m'maso.

"Iwe, mwamuna salila!" anatero mnyamata wina wamkulu.

Zakeyo anayesa kuibweza misozi. Misozi inakana.

"Melody," anatero Madamu, "lemba zina yake."

Melody anatulutsa kabuku. Anatulutsa pensulo. Zakeyo anayang'ana pansi. "Uyu ndamuthamangitsa ine," anaganiza. "Alemba ndi zilembo zazikulu."

Melody anayang'ana kabuku. Anayang'ana Zakeyo. Pensulo sinayende.

"Ba Madamu, sinizalemba," anatero Melody. "Siinali ndeu. Ine nenze kuona. Bonse babili benze kuseka."

"Nanga magazi aya?" anafunsa Madamu.

"Ni dzino ya Chiko. Yenze kugwedela kudala."

"Nanga Chiko wathawila chani?"

"Tiyeni mukaone, ba Madamu."

Melody anatsogola. Madamu anatsatira. Zakeyo anatsatira, chola chili kumsana. Ana onse anatsatira.

Kuseri kwa kalasi anapeza Chiko. Sankalira. Anali pa ntchito yaikulu.

Ana onse amadziwa mwambo wake. Dzino likazuka, umaliponya padenga. Ukatero, lina limamera. Koma denga la kalasi linali la malata. Linali lotsetsereka.

Chiko ankaponya. Ke! Dzino linkagubuduka n'kugwa pansi.

Chiko ankatola. Ankaponyanso. Ke! Dzino linkagubuduka n'kugwa pansi.

"Chiko," anatero Madamu, "Zakeyo wakumenya?"

Chiko anaseka. Kutsogolo kwa mano kunali mpata, ngati khomo lopanda chitseko.

"Iyayi, ba Madamu! Wanithandiza. Ba mami benze kufuna kuichosa na ulusi. Ine nenze kuyopa maningi!"

Ana anaseka. Madamu sanaseke. Anawerama n'kuyang'ana Zakeyo m'maso.

"Zakeyo, pepa mwana wanga," anatero. "Naona magazi, osakufunsa bwino. Nalakwa. Mwana aliyense afunika kumumvela, mukazi olo mwamuna. Bweza chola mu kalasi."

Zakeyo anapuma mpweya wautali. Anapukuta misozi ndi mkono. Anasangalala kwambiri.

"Zikomo, ba Madamu," anatero.

Koma Chiko anali akadali ndi vuto lake.

"Dzino yanga ikana kunkhala pamwamba," anadandaula. "Manje ina izamela bwanji?"

"Leta kuno," anatero Melody.

Melody anabwerera m'mbuyo. Anakweza mkono. Anaponya mwamphamvu. Dzino linapita m'mwamba, m'mwamba. Ke!

Onse anadikira. Anadikirabe. Dzino silinabwerere.

"Yankhala!" anafuula Chiko, akudumphadumpha. "Zikomo, Melody!"

Zakeyo anayandikira Melody. Anachita manyazi. Anakumba pansi ndi nsonga ya nsapato.

"Melody, ine nakukana," anatero. "Koma iwe wanithandiza. Zikomo maningi."

"Nakamba chabe vamene naona," anayankha Melody.

"Bwela, tikasewele tonse."

Madamu anapita nawo kumchenga. Anatola kamtengo. Anajambula mzere wozungulira mulu wonse.

"Mvelani," anatero Madamu. "Poyamba chosani myala. Kugwetsana ni mukati mwa muzele chabe. Nkhonya ayi. Munzako akakamba kuti basi, ni basi. Wamene safuna, osamukakamiza. Wamene afuna, osamukaniza."

"Inde, ba Madamu!" anayankha ana.

Ana anachotsa miyala. Melody anapatsa Chiko kabuku kake. Analowa mu mzere. Zakeyo analowanso.

"Nizakugwetsa pang'onopang'ono," anatero Zakeyo. Anali wachifundo, mwana wa eni.

Zakeyo anagwira Melody. Melody anagwira Zakeyo. Anakankhana, anakokana. Phi!

Amene anali pansi anali Zakeyo.

Zakeyo anadzuka. Anayesanso. Phi!

Amene anali pansi analinso Zakeyo. Anagona chagada n'kuyang'ana kumwamba. Kenako anaseka, mpaka mchenga kulowa m'kamwa.

Atsikana ena awiri analowa mu mzere. Ena anapita kukasewera mpira. Anyamata enanso sanafune kugwetsana. Aliyense anasewera zimene ankakonda, mpaka belu kulira.

Ataweruka, Zakeyo anathamangira kwawo ku Nangongwe. Amayi anali pakhonde. Atate anali atangofika kuchokera ku fakitale.

"Mayo!" anatero amayi. "Magazi aya yachoka kuti?"

Zakeyo anafotokoza zonse. Anafotokoza za dzino. Anafotokoza za chola. Anafotokoza za Melody ndi pensulo yake.

Kenako anatsitsa mawu. "Ba tate, ninalila. Bantu bonse banaona."

Atate anamukhazika pamwendo.

"Na ine nimalila," anatero. "Siku yamene unabadwa, ninalila kupambana iwe. Funsa amai bako."

"Zoona," anatero amayi. "Ba nesi banabapasa mupando."

Zakeyo anaseka. "Ba mami, Melody anigwetsa kabili!"

"Kabili chabe?" anatero amayi. "Ine ku Petauke nenze kugwetsa banyamata batatu pa buleki imozi."

Atate anatsokomola. Anayang'ana kumbali.

"Ba tate, na imwe munali pamenepo?"

"Tiye tikachape shati," anatero atate mofulumira. "Wamene wasewela ndiye achape."

Atate anatunga madzi. Zakeyo anabweretsa sopo. Anachapa shati. Anachapa masokosi. Mchenga unadzaza pansi pa beseni. Amayi anangokhala pampando, atatambasula miyendo, akumwa tiyi.

M'mawa mwake amayi anaphika mbatata.

"Ba mami, nipaseni zibili," anapempha Zakeyo. "Imozi yanga, imozi ya Melody."

Amayi anasankha yaikulu. "Iyi ni ya Melody. Umuuze kuti tayamika."

Zakeyo anaika yaikulu m'chola. Yaing'ono analuma pomwepo. Kenako anaima phee. Anagwira pakamwa. Dzino lake lakutsogolo linagwedera!

"Nilete ulusi?" anafunsa amayi.

"Iyayi, ba mami!" anatero Zakeyo. "Izachoka yeka."

Ananyamula chola. Anafika pakhomo. Anatembenuka akumwetulira.

"Ikachoka, niziba wamene azaniponyela padenga."