Nyundo ya pa Shedi ya Mpunga

Nkhaniyi si yopeka. A Twaibu, amene anali kapitawo pa ntchitoyo, ankaifotokoza tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja, ndipo sanali munthu wa nthabwala.

Zinali zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani. A Lodwick Pitala, injiniya wa boma, anatumizidwa ku Salima kukaimika shedi ya zitsulo yosungiramo mpunga, kufupi ndi nyanja. Anali munthu wokonda kufufuza zinthu. Buku lawo la malamulo omangira ndi zitsulo linali lotupa ndi timapepala tomatamata, pakuti akatswiri akunja akasintha lamulo ankatumiza kapepala pa positi. Koma timapepalato tinkafika mochedwa, nthawi zina nyumba itatha kale.

Mitanda ya denga itakwera, kunayamba zachilendo. Masana, anthu akapita kokadya, m'mwambamo munkalira nyundo. Ngwe. Ngwe. Kenaka zii. Fungo la chitsulo chongowotcherera kumene linkatsika, chonsecho makina ali ozimitsa.

"Bwana, mwamva?" ananong'ona a Twaibu.

"Ndamva. Ndi dzuwa likutenthetsa zitsulo."

"Wallahi, dzuwa silisankha pomenya."

Mawu amenewa anawakhala mumtima a Lodwick. Mawa lake anasiya nkhomaliro, natenga choko, nakwera makwerero. Kumwambako kunalibe munthu, ngakhale mbalame. Anagwira polumikizira mtanda ndi nsanamira. Ngwe. Anaimva m'chikhatho, ngati wina akugogoda ali m'kati mwa chitsulo. Koma sanatsike. Analembapo choko, nasendera potsatira.

Sabata isanathe anaona kuti nyundoyo inkangomenya zolumikizira za mbali yochokera mphepo ya mwera. Anabwereza masamu awo onse. Malinga ndi buku, zonse zinali bwino. Kukanena kwa akuluakulu sakanatha: ukachedwetsa ntchito ya boma masiku amenewo, ankati ndiwe chigawenga.

Mwezi wotsatira kapepala kanafika. Kanati akatswiri apeza kuti mphepo imanyamula denga lopepuka kuposa mmene ankaganizira, choncho zolumikizira za mtundu umenewo zifunika mabawuti owonjezera ndi chitsulo china chophathika. A Lodwick anayang'ana deti lake. Pamene nyundo inkayamba kulira, lamulolo linali lisanasindikizidwe n'komwe.

"Nanga wauza mnzake ndani, nyundo kapena akatswiriwo?" anafunsa a Twaibu atawawerengera.

"Ndi zimene ndikufuna kudziwa, a kapitawo."

Anakonza paliponse panali choko. Akamanga malo amodzi, pamenepo pankakhala chete. Mwera utabwera unasasula madenga ambiri m'deralo, koma la shediyo silinasunthe.

Tsiku lopereka makiyi, awiriwa anatsalira anthu atabalalika. Dzuwa linali paliwombo. Kuseri kwa shedi kunali mulu wa zitsulo zatsopano, zimene lole inatsitsa dzulo lake. Zinali za chipatala chaching'ono chimene a Lodwick anali asanajambule ndi mzere umodzi womwe.

Fungo lija linabwera. Mphepo inaleka.

Ngwe.

Sizinachokere kudenga. Zinachokera mumuluwo.

"Tiyeni, bwana," anatero a Twaibu.

A Lodwick anagwada pambali pa zitsulozo, natchera khutu.

"Dikirani kaye," ananong'ona. "Wogogodayo sanamalize."