Ndafika, Mtima Wanga

Anakumana pa siteji ya basi ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester ku England, m'mawa wina wozizira. Tionge anali atabereka chikwama chachitali, foni ili kukhutu, akukangana ndi mayi ake. Mayiwo ankalankhula Chichewa mokweza moti mawu ankamveka siteji yonse, iye n'kumayankha m'Chingerezi.

Atadula foni, mnyamata amene anaima pambali pake anaseka.

"Pepani chemwali, sikuti ndimamvetsera, koma mayi anu mawu ali nawo. Ndinu a kumudzi?"

"Ndinabadwira konkuno," anayankha Tionge m'Chichewa chake chotsimphina. "Kumva ndimamva, kuyankha ndiye vuto."

"Basi mwapeza mphunzitsi. Ndine Sosten. Nanga m'chikwamamo muli mfuti?"

"Marakiti a tenisi!"

Basi isanafike m'tauni, anali atapatsana manambala.

Anthu akamva za tenisi amaganiza za akatswiri a pa TV. Tionge sanali wa kumeneko. Anali m'gulu la atsikana a ku Britain amene amavutikira pansi penipeni. Kumeneko, kuti ulowe mu mpikisano weniweni, umayamba wadutsa m'makwalifaya. Upambane masewera onse motsatizana. Ukagonja kamodzi, nyamula chikwama uzipita kwanu. Owonerera palibe, kupatula makochi ndi kholo lina logwira botolo la madzi.

Tionge ankagonja. Ku Loughborough anathyoledwa ndi mtsikana wa ku Poland. Ku Nottingham ndi wa ku Belgium. Nthawi zonse ankatsala pang'ono, koma pang'onopo sipalowetsa munthu.

Mayi ake, a Scholastica, nesi wa m'chipatala cha boma, anali atatopa nazo.

"Mtsikana wamkulu ngati iwe, kuthamangitsabe kampira kachikasu! Chaka chino chikatha usanalowe mu mpikisano weniweni, rakiti pansi, sukulu ya unesi. Tamvana?"

"Tamvana, amayi."

Sosten ankagwira ntchito mu weyahausi, mosungira katundu, ku Corby, ndipo anali ndi kagalimoto kakale. Kagalimotoko kanayamba kuoneka pakhomo pa a Scholastica tsiku lililonse la masewera, kosachedwa ngakhale kamodzi. Mameseji ankalemba m'Chichewa chokhachokha, ati kuti wophunzira wake azolowere.

"Mtima wanga, wadya?"

"Duwa langa la ku Leicester, usiku ndakulota ukumenya Azungu onse."

Tionge akagonja ankalirira m'galimotomo, Sosten n'kumam'pukuta misozi ndi chala.

"Ngakhale ugonje chaka chonse, kwa ine ndiwe ngwazi. Sindidzakusiya panjira, ndikulonjeza."

"Dzina limeneli, mtima wanga, unaitanirapo mkazi wina?"

"Munthu ali ndi mitima ingati, Tio? Umodzi. Ndiwe."

Ku Corby kokha ndiko sankamulola kupita. "Timakhala anyamata anayi nyumba imodzi. Fungo la masokosi lokha ungakomoke."

Tionge ankaseka. Nanga akanakayikira chiyani?

Mpikisano womaliza wa chakacho unali ku Nottingham, mu Novembala. Tionge anapambana masewera oyamba a makwalifaya, koma omaliza anagonja, mpira wotsiriza utakodwa mu neti. Tsiku limenelo Sosten sanabwere, ati shifiti inam'panikiza. Tionge anabwerera pa sitima, maso ali psuu.

Madzulo omwewo analandira meseji ya Thandi, mnzake wosewera naye.

"Usalire! Mtsikana wina wa ku France wabinya bondo, mawa sasewera. Malo ake amapatsa munthu amene wagonja komaliza m'makwalifaya, ndipo woyamba ndiwe. Koma ubwere wekha udzasayine kwa refa teni koloko isanakwane. Ukachedwa apatsa wina!"

Tionge anakuwa mpaka mayi ake anagwetsa supuni.

"Ukwere sitima yoyambirira," anatero a Scholastica atamva nkhaniyo. "Ine mawa ndikulawirira ku wodi."

Koma Sosten pa foni anakana.

"Sitima? Ine ndili moyo? Tsiku lalikulu chonchi ndidzakutenga ndekha, mtima wanga. Ndikulumbira!"

M'mawa Tionge anavala, anamanga tsitsi, n'kukhala pa mpando chikwama chili pamiyendo. Nthawi imene anapangana inadutsa. Kenako foni inalira, meseji ya Sosten.

"Ndikubwera, duwa langa."

Anadikira. Anaimba, foni inangoitana. Anaimirira kuti athamangire basi yopita ku siteshoni ya sitima, ndipo ali pachitseko meseji ina inalowa.

"Ndafika, mtima wanga. Ndili panja, tuluka."

Anatuluka chothamanga. Panja panali mvula yowaza ndi mabini a zinyalala basi. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Mwina waima kuseri? Anazungulira. Palibe!

Basi inabwera, n'kuima, chitseko n'kutseguka. Tionge anapukusa mutu. Akwere bwanji munthu atafika kale?

A Iqbal, a nyumba yoyandikana, oyendetsa takisi amene anakulira ku Limbe, ankapukuta magalasi a galimoto yawo.

"Mwana wa asisita, ukunyowa! Ndikuperekeze?"

"Zikomo ankolo, wonditenga wafika kale. Mwina akusaka poimika."

A Iqbal anayang'ana msewu wopanda galimoto, n'kulowa m'nyumba.

Basi ina inadutsa. Kenako mayi ake anaimba kuchokera ku wodi.

"Muli pati tsopano?"

"Ndidakali pakhomo. Koma Sosten wafika, amayi. Walemba yekha kuti ndafika."

"Wamuona ndi maso?"

"Ayi, koma..."

"Mayo ine! Mwana iwe, Chichewa cha m'foni chikupweteka! Mmalawi akati ndafika ndiye kuti akusaka nsapato! Gogoda kwa a Iqbal pompano!"

Tionge anamenya chitseko cha a Iqbal ndi manja onse awiri. Bambowo anatuluka kapu ya tiyi ili m'manja, anaisiya pawindo, n'kuliza galimoto.

Msewu wa ku Nottingham unali wodzaza, ndipo pena ankaukonza. Malole anandandalika ngati ali pa maliro. Mameseji a Thandi ankangolowa.

"Uli kuti?"

"Wina wasayina kale, akungodikira kuti iwe usabwere!"

"TIONGE!"

"Ankolo, chonde, thamangani!"

"Mwana wanga, galimotoyi ilibe mapiko. Pemphera mwa kwanu, ine ndipemphere mwa kwathu."

Atafika, Tionge anatsika galimoto isanaime bwino. Anathamanga m'khonde, chikwama chikum'menya msana, mpaka pa tebulo la refa. Refayo, mayi wa imvi, anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako anayang'ana Tionge.

"Pepani, mwachedwa. Malo tapereka kale."

"Chonde mayi, ndi timphindi tochepa! Chaka changa chonse chili pamenepa!"

"Ndikumvetsa. Koma lamulo ndi limodzi kwa aliyense."

Thandi anam'kumbatira, koma Tionge anam'kankha pang'ono n'kutuluka panja. Misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo. Kusaka nsapato? Pa tsiku ngati limeneli? Anaimbanso nambala ya Sosten, ndipo ulendo uno inayankhidwa.

Anali mawu a mkazi.

"Halo? A Ephraim?"

"Ndikufuna Sosten."

"Iii pepani achemwali, pa fonipa palembedwa Ephraim wa ku ntchito, ndiye ndimayesa ndi abambo. Bambo a Chilungamo akuyendetsa galimoto, sangayankhe. Ndine Lusubilo, mkazi wawo."

Tionge anagwira khoma.

"Mkazi wawo?"

"Eya! Tangotsika ndege kuchokera ku Lilongwe, ine ndi mwana. Timayenera kufika dzulo, koma ndege inatichedwetsa." Mayiyo ankalankhula mosangalala, ngati munthu amene wapeza woyamba womufotokozera za ulendo. "Ndiye kuzizira kwake kuno! Komanso tinasowana pa eyapoti. Ife tangokhala mkati kudikira, iwo ali panja. Akuti ananditumizira meseji yoti afika, ndituluke, koma ine sindinaione. Mafoni akunowa kaya!"

Kumbuyo kunamveka kamwana kakuimba, kenako mawu a Sosten, otsika, amantha.

"Mtima wanga, ndani ameneyo? Dula, dula foniyo."

Tionge anatseka maso. Mayi ake analakwitsa. Sosten sankasaka nsapato ayi. Anafikadi, anaimadi panja, ndipo mawu onse a mu meseji ija anali oona. Inangosochera.

"Achemwali, mulipo?" anafunsa Lusubilo. "Ndiwauze kuti waimba ndani?"

Tionge anasankha mawu ake mmodzimmodzi, ndipo Chichewa chake sichinatsimphine.

"Muwauze kuti meseji yanu ija ili ndi ine. Takulandirani ku England, mayi."

Anadula.

M'kati mwa holo mpira unali utayamba kulira, pho, pho, pho. Mtsikana amene anatenga malo ake ankasewera pa bwalo loyandikira khomo. Tionge anam'yang'ana kanthawi kudzera pagalasi, kenako anatula chikwama chija pansi. Phewa linali litachita dzanzi.

A Iqbal anali adakaima poimika magalimoto, injini ikulira. Atamuona nkhope, anangotsegula buti ya galimoto.

Foni inaliranso. Anali a Scholastica, akupuma mothamanga.

"Tionge! Wafika?"

"Ndafika, amayi."

"Ndafika yeniyeni?"

"Yeniyeni." Apa misozi inayamba kutsika. "Amayi, sukulu ya unesi ija imatsegulira liti?"